Tizingwe ta Achimwene a Lufeyo

Iwe Chikondi, tazimitsa ketuloyo. Mwati mukuphika? Kuthira madzi otentha m'mbale, kuwaza kaufa ka m'kapepala, kenako maso pa foni kudikira kuti zifewe, kumeneko ndiye kuphika kwanu? Tabweretsa ndione. Ha! Zoyera mbuu ngati milomo ya munthu wodwala malungo. Tomato mulibe, tsamba mulibe, chonsecho nkhwani uli kuseri kwa nyumbaku wachita kuyanga mpaka pampanda.

Mukuseka chiyani? Mukuti gogo wa ku Ntchisi manudozi angawadziwire kuti? Ana inu, ine zinthu zimenezi ndinaziphika mayi anu asanakwatiwe, pa mafuwa, nthawi imene m'magolosale onse a pa Malomo simukanazipeza ngakhale mutayenda ndi tochi masana. Ife tinkazitchula kuti tizingwe. Ndipo ndikuuzeni, tizingwe timeneti tinatsala pang'ono kukulepheretsani kubadwa. Khalani pansi. Iwe mwamuna wanga Yamikani, chotsa zimene watsekera m'makutuzo, mkazi wako akuyankhula.

Ine mlongo wanga anali mmodzi yekha, achimwene a Lufeyo. Kwa mayi anu amenewo ndiye anali atsibweni, amalume mukutero inu a m'tauni, eni mbumba. Ali mnyamata pakamwa pawo sipankatsekeka. Mbuzi ikatsimphina, nthabwala. Abusa akatalikitsa ulaliki, potuluka m'tchalitchi achimwene atenga kale mawu awo ndi kayendedwe komwe. Amayi athu, a Naphiri, ankangoti, "Lufeyo, pakamwa pakopo padzakuthawitsa pamudzi." Sankadziwa kuti akulosera.

Tsiku lina, nthawi ya chipani chimodzi ija, achimwene anatenga tambala wathu kukagulitsa kumsika. Tambalayo anali wakuda, wokalamba, woti asanalire ankayamba watsokomola kaye. Wogula wina anayamba kunenerera, achimwene n'kukweza mawu: "Tengani bambo, tambala wakudayu walira mokwanira, wakalamba, chamutsalira ndi mpeni basi."

Inu simungamve kuopsa kwa mawu amenewa. Masiku ano mumanyoza atsogoleri pa wailesi n'kukagona tulo tabwino. Nthawi imeneyo tambala wakuda anali chizindikiro cha chipani cholamula. Wogula uja anachoka chammbuyo mpaka kuiwala njinga yake. Dzuwa lisanalowe, mnzawo wina anabwera kudzawanong'oneza kuti anyamata a chipani akuwasakasaka. Anathawa ndi malaya a pathupi okhawo, kulowera cha ku Kasungu, kumalire.

Tambala uja anatsala nafe. Kumupha, ndani akanayerekeza? Kumugulitsa, ndani akanagula? Anakhala pakhomo pathu ngati bwana, akudya chimanga chosankha, mpaka anafa yekha ndi ukalamba, ndipo malemu agogo anu aamuna, a Gerisomu, anakamukwirira kudimba atavula chipewa.

Zinadutsa zaka zoposa makumi awiri osamva kanthu. Achibale ena ankati tingometa, munthuyo anafa. Amayi ankakana. "Ndimete mtembo sindinauone? Tsitsi langa lisiyeni."

Ndiye kunabwera zija za riferendamu, anthu n'kusankha zipani zambiri, ife tinkati matipate. Kwathu kumapiri kuja ambiri sankazifuna, ankati zibweretsa nkhondo. Koma wailesi italengeza kuti onse amene anathawa abwerere, palibe adzawagwire, amayi anati, "Matipateyo kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, akandibwezera mwana wanga ndidzamuphera nkhuku."

Achimwene anabwera mvula itatsala pang'ono kugwa, kukutentha koti ndi abuluzi omwe ankabisala. Uthenga unafika woti pa Malomo patsika munthu wofunsa za a Naphiri. Masiku amenewo munthu ukatsika lole pa Malomo, kotsalako kunali kwa miyendo yako, kunalibe njinga zamoto zikungokuwa izi. A Gerisomu anapalasa njinga kukamuchingamira. Masana tinawaona akukwera chitunda chakwathu chija akukankha njinga, pakaliyala atamanga katoni yaikulu ndi malamba a chubu. Pambuyo pawo pankabwera munthu wowonda, wa jekete, imvi mbuu, koma mano oyera ngati a mwana wa pa chithunzi cha mankhwala otsukira mkamwa. Anali achimwene a Lufeyo. Amayi anangowagwira m'miyendo n'kukhala pansi pafumbi. Tinalira tonse.

Koma ndisakunamizeni, ena ankalira ndi diso limodzi, linalo lili pa katoni. Munthu wakhala kunja zaka zonsezi, mmenemo muli chiyani? Ena ankati wailesi ya makaseti, ena nsalu, ena shuga. Agogo anu aamuna anailowetsa m'nyumba ataifungatira ngati khanda.

Amayi anaphadi nkhuku, ndipo anachita kusankha yoyera. Nsima anaphika okha, ya mgaiwa, yolimba yoti utagenda nayo galu sangadzukenso. Achimwene anasamba m'manja, anatema kambamu kakang'ono, anakasunsa mumsuzi, anakaika mkamwa, n'kukhala nako nthawi yaitali ngati akupemphera. Nyama sanaikhudze. Kenako anati, "Ndakhuta amayi, asante."

"Wati chiyani?"

"Ndati zikomo, amayi."

Kunapezeka kuti atadutsa ku Zambia anakathera ku Tanzania, kunyanja ya mchere, kumene ankathandiza kuphika m'sitima za asodzi ochokera kutali kummawa. Mawa lake chimodzimodzi, kambamu kamodzi, asante. Mkuja wake chimodzimodzi.

Katoni ija anatsegula ndi a Gerisomu, atalephera kupirira. Munali timapaketi tokhatokha mpaka pansi. Anang'amba kamodzi, anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena ngati munthu wodziwa, "Mabisiketi a Azungu awa." Analuma. Khurru! Anatafuna, anatafuna, n'kuti, "Koma sanapse." Kaufa ka m'kapepala kaja anakasunga m'thumba, ati ndi mankhwala a msana, ndipo mmawa mwake anakasungunula mu tiyi. Anamwa yense nkhope itakwinyika, poti shuga anali atathira kale. Mayi wina woyandikana nafe anapempha kamodzi poyesa chinkhupule. Anapita nako kubafa ndi madzi ofunda, ndipo anatuluka akukuwa kuti chinkhupule chija chasanduka nyongolotsi pamsana pake.

Achimwene sanaseke. Apo ndiye ndinadziwa kuti china chake sichili bwino, chifukwa a Lufeyo akale nkhani imeneyi akanaikamba mpaka Khirisimasi. Anangotenga kapaketi kamodzi, kachitini ndi madzi, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko n'kumene ankaphikira, monga mukuphikira inumu, madzi ndi kaufa basi, n'kumadya okha atafulatira. Ana a m'mudzi anawasuzumira. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti a Lufeyo amadya nyongolotsi.

Nkhani ilibe miyendo koma imakwera phiri kuposa mbuzi. Inafika pachitsime, inalowa m'tchalitchi, inawoloka mpaka ku Dowa. Pofika ku Bowe nyongolotsizo zinali zamoyo, achimwene akuziweta m'katoni n'kumaziyankhula Chiswahili. Tsono ku Bowe n'kumene kunali mnyamata wina wamanyazi dzina lake Fanuwelo, amene anali atafunsira mwana wanga Esinala. Musayang'anane, ndi bambo anu ndi mayi anu omwewa. Akwawo kwa Fanuwelo anayenera kubwera kudzaonana ndi atsibweni a mtsikana, koma anayamba kuzengereza. Lero ati kuli maliro, mawa ati tikuwokera fodya. Mayi anu amene masiku ano amakukalipirani ngati wapolisi wa pamsewuwa ankangolira pachitsime, ndowa ikudzaza ndi madzi theka misozi theka.

Amayi ndiye anapwetekedwa mtima koposa. Anati, "Ndinabala mwana wosatseka pakamwa, andibwezera bwana wa mano oyera wonyansidwa ndi nsima yanga." Dzina la achimwene anasiya kulitchula. Ankangoti kwa ine, "Nabanda, kamuuze mlendo wakoyo kuti madzi osamba afunda." Munthu ali pomwepo, akumva.

Mmawa wina ndinapita ndi madziwo kubafa n'kulowa osaodira, poyesa mulibe munthu. Ndinapeza achimwene atanyonyomala, akutsuka mano. Koma osati mkamwa, ana inu. M'kapu. Mano ali m'manja, akuwapukuta ndi kansalu. Ndowa ndinaitaya, ndipo ndikanakuwa akanapanda kundigwira pakamwa.

"Mlongo, chete! Ndi oikirira awa, ochita kugula."

Nkhope yawo inali itaphwa ngati dzungu lofota. Anandifotokozera atakhala pamwala wa m'bafa momwemo. Pothawa paja anawagwira pafupi ndi malire, anawamenya ndi zibonga, mano ambiri anatsala pomwepo, iwo n'kupulumuka mwamwayi. Ogulawo anali omwetulira chabe. Akati atafune, ankagwedera n'kucheka nkhama. Pamwamba pa zimenezo m'mimba munali zilonda. Tizingwe tija ndi tokhato tinkalowa popanda nkhondo.

"Ndiye bwanji osawauza amayi?"

"Adziwe kuti mwana wawo anamenyedwa ngati galu chifukwa cha tambala? Bola azindiyesa wonyada. Usawauze mlongo, ndakupempha." Anabwezera mano mkamwa, kwapu, n'kusandukanso bwana. "Katoniyi ikatha ndibwerera. Kuno ndikungowazunza amayi, ndikuwonongeranso mwana wako banja."

Mukufunsa kuti bwanji sindinkangowaphikira phala? Ndinayesa. Amayi ataona anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno. "Nsima yanga akana, phala la mlongo wake amwa. Akudwala chiyani?" Ndi tizingwe bodza linali lapafupi, unkangoti anazolowera za kunja.

Ndiye ndinati chabwino, tizingweto ndiziphika ndine. Munthu sangakhale ndi moyo ndi ulusi wa m'madzi a mchere. Ndinalanda kachitini kaja n'kukaponya kudzala.

Tsiku loyamba ndinaphika monga ndinkadziwira. Ndinatereka mphika, madzi anawira, ndinaponyamo, n'kutenga mthiko kuyamba kuvundula ndi mphamvu zanga zonse. Chimene chinatuluka pamenepo a Gerisomu anamatira chubu cha njinga, ndipo chinagwira. Ulendo wachiwiri ndinati mwina n'zamtundu wa therere, poti zimaterera, ndiye ndinathira chidulo. Inu chidulo simuchidziwa, mumangogula soda. Ife tinkatentha zitsononkho, phulusa lake n'kulicheza ndi madzi. Tizingwe tija tinasanduka tachikasu, tikutuluka thovu. Galu wathu ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kupita kukadya kwa eni ake ena.

Achimwene ndiye anandiuza kuti tizingwe sitifuna kukhalitsa pamoto. Apo nzeru inabwera. Mvera bwino apa iwe Chikondi, poti wophika ndiwe. Umayamba ndi ndiwo, tizingwe timalowa pomaliza ngati mkamwini. Ndinkakazinga anyezi ndi tomato, n'kuthira madzi pang'ono, osati chigumula chanuchi, kenako mpiru wa kudimba wodula ting'onoting'ono ngati fodya wopichira. Zikawira, tizingwe. Ndikaimba ndime ziwiri za nyimbo ya kutchalitchi, ndaphula. Kaufa kaja ndinkathira theka lokha, chifukwa n'komwe kankawotcha zilonda za m'mimba, ndipo inu othira konse mudzandikumbuka mukadzakula.

Kenako ndinayamba kuswera dzira pamwamba n'kuvundikira kuti ligwirane. Mazira, ana inu, ife tili atsikana ankatiletsa, ati ukadya sudzabereka. Linali bodza la azibambo lofuna kudya okha. Mayi anu ankanyambita mphika umenewu tsiku ndi tsiku, ndipo taonani mmene mwadzazira m'nyumba muno.

Usipa ndinkaukazinga pa phale n'kuusinja mumtondo mpaka ufa, kuti pasakhale chotafuna. Mvula itagwa kunatuluka ngumbi, nazonso ndinasinja. Nkhwani utaphuka ndinati tione ngati tizingwe ta kutsidya kwa nyanja tingamvane ndi nsinjiro. Osati nsinjiro zanu za m'mapepala zonunkha shelefu. Mtedza wosenda wekha, kusinja wekha, kusefa wekha, mpaka mikono idandaule. Tsiku limenelo achimwene anadya, anapukuta mbale ndi chala, n'kuyang'ana mumphika ngati mwatsala. Fungo lake linawakoka a Gerisomu kuchoka kumunda. Anaima pakhomo akununkhiza, ati, "Mayi a Esinala, mabisiketi aja tsopano apsa?" Ndinawapatsa sipuni imodzi. Kuyambira tsiku limenelo ankaweruka msanga kumunda, ati msana.

Ndipo bowa! Tinkalawirira m'mapiri mame ali mbwee, pansi pa misuku, kubwera ndi lichero lodzaza, miyendo ili zii ndi kuzizira. Bowa ndi tizingwe, ukathirako tomato, ngakhale abusa angaiwale kudalitsa.

Masaya a achimwene anayamba kubwerera. Koma katoni inkatsika. Nthawi iliyonse ndikapisa dzanja, linkalowa mozama kuposa dzulo, ndipo mawu aja oti ikatha ndibwerera ankandilira m'khutu. Ndiye ndinayamba kuthyola kapaketi pawiri, theka lero theka mawa, n'kuchulutsa mbatatesi yofewa ndi chipere cha nyemba. Kenako panayi. Tsiku lina achimwene anavundula m'mbale ndi sipuni, anavundulanso, n'kuti, "Mlongo, itana anyamata abwere ndi agalu, mwina atipezera tizingwe m'tchire muno." Ndinaseka mpaka misozi. Inali nthabwala yawo yoyamba chibwerere. Amayi anali pakhonde akutongola chimanga. Ndinaona dzanja laima, khutu lili kuno, koma sanatembenuke.

A ku Bowe anabwera chimanga chitatulutsa ngayaye. Anatumiza atsibweni a Fanuwelo, a Jailosi, mlimi wa fodya, munthu woti mbewu iliyonse ukaitchula ankati anaibzalapo kale. Anabwera ndi mnzawo wowaperekeza, onse m'majombo, matope mpaka m'maondo. Zinali zoonekeratu kuti sanabwerere mbeta yokha. Polowa m'nyumba maso a Jailosi ankasakasaka pansi pa mipando.

Mmawa wa tsikulo achimwene anali atandiitanira pambali. "Lero usaphike tizingwe. Ndidya nsima ndi alendo, ndi nyama yomwe. Esinala asataye banja chifukwa cha ine."

"Nanga manowo, achimwene?"

"Ndawauza kuti lero agwire ntchito."

Tsoka lake, nkhuku zonona zinali zitatha ndi chitopa. Tinapha thadzi lakale limene linasiya kuikira, nyama yake ngati lamba wa chigayo. Ndinaliphika kuyambira mmawa koma linkangondiyang'ana. Amuna anakhala patebulo: achimwene, a Gerisomu ndi alendo awiriwo. Ine ndinagwada cha pakhomo ndi madzi akumwa. Amayi anali pakhonde, ati akusankha nyemba.

Nsima inkalowa bwino, timbamu ting'onoting'ono. Ine mumtima ndikuti Ambuye pitirizani. Kenako a Jailosi anatola ntchafu n'kuika m'mbale ya achimwene. "Eni mbumba, iyi ndi yanu. Tamva zambiri za kadyedwe kanu, lero tione ndi maso."

Achimwene anaigwira ntchafu ija ndi manja awiri. Analuma. Anakoka. Ntchafu inakana. Anakokanso mwamphamvu, ndipo ntchafu inachoka, koma sinachoke yokha. Inatuluka ndi mano, apamwamba ndi apansi omwe, atailuma ndithu, akuwasekerera alendo.

Woperekeza uja anadumpha, anaponda m'beseni losambira m'manja, n'kutuluka liwiro la mtondo wadooka. A Jailosi anati, "Mayo ine!" dzanja lili pakamwa kuona ngati awo alipo. A Gerisomu anatsamwa ndi nsima. Achimwene anangokhala, ntchafu ili m'mwamba, dzanja linalo ataphimba pakamwa. Ndinaona maso awo akuyang'ana pakhomo, kumene kuli njira ya ku Malomo.

Koma pakhomopo panali pataima amayi. Analowa pakati pa amuna osagwada, n'kuwachotsa achimwene dzanja pakamwa.

"Yasamula."

Anayasamula.

"Lufeyo, mano anandiluma bere aja ali kuti?"

"Anatsala kumalire, amayi. Pothawa paja."

"Anakumenya?"

"Eya, amayi."

Amayi anagwira masaya ophwa aja ndi manja awo awiri, misozi ikutsika. Kenako anawawomba mbama paphewa, pha!

"Chitsiru cha mwana! Ine mkamwa mwangamu ukuonamo chigayo? Nsima yolimba ija ukuyesa ndimadya ine? Ndinkaphikira iwe, poti ndi imene unkaikonda uli mnyamata! Miyezi yonseyi ndakhala ndikuthyoka mkono ndi mthiko, kenako n'kukadziphikira yanga yofewa mobisa!" Anatembenukira kwa ine. "Nawenso Nabanda unkadziwa. Tidzakambirana. Pita ukaphike tizingwe ta mwana wanga. Uphikirenso alendowa, akanene ku Bowe zimene aona ndi maso."

M'katoni munali mutatsala timapaketi towerengeka. Ndinasiyamo kamodzi kokha, tina tonse ndinatereka. Tsiku limenelo ndinaphika ngati ndikuphikira sinodi: anyezi, tomato, bowa wa dzulo lake, nkhwani, nsinjiro, msuzi wa thadzi lija, mnofu wake nditaunyenyanyenya, mazira pamwamba. Esinala ankasonkhezera moto. Woperekeza uja anali atabisala kuseri kwa khola, ndipo sitinachite kumuitana, fungo ndi limene linamubweza.

Mafoloko tinalibe. A Jailosi anayang'ana mbale nthawi yaitali, anagwaza kachingwe kamodzi ndi chala kuona ngati kagwedere, n'kutapa ndi dzanja. Kachingwe kena kanatsala kakulendewera pachibwano. Anakakoka ndi mpweya, fyuu, kanawakwapula pamphuno. Anatafuna. Anatapanso. Anatapanso. Amayi anali atayala mphasa pambali pa mpando wa mwana wawo, akukulunga tizingwe pachala ngati ulusi wosokera.

Mbale itayera a Jailosi anati, "Anthu ndi abodza. Nyongolotsi sizingakome chonchi." Anatsokomola pang'ono. "Kungoti mtundu uwu wokha sindinaubzalepo. Mbewu yake mungatigawireko?"

Ine ndinaluma nsalu kuti ndisaseke. Achimwene, mano ali patebulo, nkhope ili gwa ngati mlangizi wa zaulimi, anadzuka, anapisa m'katoni, n'kutulutsa kapaketi komaliza kaja. "Mubzale pachulu, bambo, kamodzi pa phando. Musapalire msanga, mizu yake sichedwa kukwiya." A Jailosi analandira ndi manja awiri. Za mbeta zinatha mosavuta, tsiku la chinkhoswe anagwirizana asanavale majombo. Ndipo anakabzaladi, ana inu. Pa ukwati wa mayi anu anadandaula kuti sizinamere, chiswe chinadya. Achimwene anawafunsa ngati kaufa kaja anathira pobereketsa. Ati ayi. "Ndiye munalakwitsira pamenepo."

Alendo atapita ndinapeza achimwene ataima, akuyang'ana katoni yopanda kanthu.

"Yatha," ndinatero.

"Yatha."

"Ndiye a Gerisomu apope njinga?"

Achimwene anainyamula katoni ija, anaigogoda pansi kuti fumbi lichoke, n'kupita nayo kukhola. Ndinawatsatira. Ndinawapeza akuyalamo udzu, ati msoti wathu wayamba kuikira ndipo mazira ake akumwazika.

Mawa lake masana ndinaphika nsima yofewa ya ufa woyera, nkhwani wotendera, ndi chiwindi cha thadzi lija chimene ndinali nditabisa. Amayi ndi achimwene anakhala pakhonde, mbale imodzi. Kwathu sizinkachitika kuti mwamuna wamkulu adye mbale imodzi ndi mayi ake, koma ndani akanawaletsa? Mano ogula aja anali m'kapu pawindo, akudikira Lamulungu. Tsono chiwindi chinali chimodzi, ochifuna awiri.

"Chiwindi ndi cha akulu," anatero amayi.

"Ndi cha wochepa mano," anatero achimwene.

"Tiwerenge."

Anayasamulirana ngati tiana ta mbalame m'chisa, aliyense akuwerenga mkamwa mwa mnzake ndi chala. Amayi anapezeka nawo anayi, achimwene atatu. Amayi anang'ung'udza, anachiyang'ana chiwindi chija, n'kuchikankhira kwa mwana wawo.

"Idya. Koma mawa ndikazulitsa anga awiri."